Giza ya ku Joni, thanki ya kumudzi: zimene tinaphunzira siling'i itagwa

Masiku apitawa anthu angapo afunsa za kuoda giza ku Joni. Ena akufunsa kuti yabwino ndi ya malita angati, ena akufunsa za sola. Tati tisangoyankha kuti "tengani yaikulu" n'kukhala chete, chifukwa ifenso tinayankhidwapo choncho ndipo mapeto ake tinataya mpamba wa ulendo wathunthu. Nkhaniyi ndi yaitali, mutikhululukire. Amene muli pa mzere pa Beitbridge nthawi muli nayo.

Ife ndi banja, bambo ndi mayi, tonse a geni. Msewu wa Joni tauyenda zaka zoposa 15, kudutsa Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge. Nyengo yozizira ikamayandikira timaoda mabulangete ndi majekete. Nyumba tinamanga kwathu ku Dedza monga mmene ambiri a ife timamangira: ulendo uno malata, ulendo winawo mawindo, winawo matailosi. M'nyumbamo timakhalamo anthu 6, ife awiri, ana atatu ndi amayi athu okalamba. Amene mumadutsira pa boda ya Dedza mu June ndi July mukukudziwa kuzizira kwa kumeneko, paja tauniyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Chimene chinkatiwawa n'chakuti ife tikakhala pa msewu, agogo ndi amene ankadzuka m'bandakucha kukoleza moto kuti adzukulu asambe madzi otentha popita kusukulu. Tinalonjezana kuti nyumba ikatha, madzi otentha azituluka pampopi.

Kumene timafikira ku Joni kuli shawa yoti ukaitsegula madzi amachita kukuwawa pamsana. Ife tinkayesa kuti mphamvu imeneyo ndi ya giza. Tsiku lina mu sitolo ya zomangira tinapeza giza ya malita 200 itatsitsidwa mtengo, kusiyana kwake ndi ya 150 kunali kochepa. Mutu wa geni unatiuza kuti onjezani pang'ono mutenge chachikulu. Pa thupi lake panalembedwa 4 kW ndi 400 kPa. Sitinafunse kuti manambalawo akutanthauza chiyani, tinangoona kuti ndi akuluakulu. Tinalipira thiraki, tinalipira msonkho pa boda, giza inafika kumudzi anthu akuisirira.

Kuika tinaika tokha, mothandizana ndi mnyamata wina wa m'dera lathu amene ankati anaonapo kuikika kwake. Kwathu madzi a m'mipopi sabwera tsiku lililonse, choncho tili ndi thanki ya malita 2,000 pa nsanja ya mamita 3. Giza tinaikweza m'denga, pamwamba pa siling'i. Mapaipi tinagwiritsa a PVC amene anatsala pokoka madzi ozizira, kumata ndi guluu wake. Thireyi yoika pansi pa giza tinaisiya m'sitolo muja poona ngati ndi njira chabe yotidyera ndalama.

Titatsegula shawa tsiku loyamba, madzi ankangodontha ngati denga lothonya. Sabata yachiwiri madzi anasiya masiku atatu, thanki inatsika, giza inasiya kutenthetsa. Elementi inali itapsa. Tinagula ina. Ulendo wotsatira tinabwera ndi pampu ya puresha, ija imadziyatsa yokha ukatsegula mpopi. Apo shawa inayamba kuwawa pamsana ngati ya ku Joni, ndipo tinaitana anansi kuti adzaone. Koma kavalavu kena ka pa giza kanayamba kudontha m'denga, siling'i n'kuchita banga. Mnyamata uja anakwera, anakamanga chotsekera, kudontha kunatha. Tinamuthokoza ndi ya sopo. Popeza kunja kunali kutayamba kuzizira, thermostat tinaikweza kufika pa 70.

Usiku wina mu June tinali titangofika ndi mabulangete 60. Tinali titawatulutsa m'zikwama zawo za pulasitiki kuti asadye malo m'thiraki, ndipo tinawaunjika m'chipinda chimene chili pansi penipeni pa giza. M'chipinda chimenecho ndi mmene mumagona mwana wathu wotsiriza, koma usiku umenewo tinamusamutsira kwa agogo ake kuti katundu akwane. Cha m'ma 2 koloko tinadzidzimuka ndi phokoso ngati la mvula, chikhalirecho kunja kuli nyenyezi. Pampu inali ikulira osaleka. Potsegula chitseko tinakumana ndi nthunzi. Paipi ya madzi otentha inali itazuka pa joini, malita 200 a madzi owotcha atatsikira pa siling'i, siling'i itagwera pa bedi la mwana ndi pa katundu. Pampu nayo, poona kuti puresha yatsika, inkangokoka madzi m'thanki n'kumakhuthulira m'denga mpaka tinakazimitsa pa meni switchi.

Mabulangete anamwa madzi osakanikirana ndi fumbi la m'denga. Tinachapa, tinayanika, koma bulangete lochapa si latsopano, tinawagulitsa pa mtengo wa kaunjika. Za ndalamazo tinaiwala kale. Chimene sitiiwala ndi bedi lija. Agogo anaima pakhomo atamugwira mwana dzanja, anangoti, "Ana inu, moto wanga wa nkhuni sunagwetsepo denga." Palibe anayankha.

Apo m'pamene tinachita chimene tikanayamba nacho. Tinaitana mdala wina amene anapuma pa ntchito ya mapaipi. Sanabwere ndi zida zambiri, anangotenga tepi yoyezera, wotchi ndi ndowa yathu ya malita 20. Anakwera m'denga, anaona chotsekera chija, anatsika n'kukhala pansi kaye. Kenako anati, "Bambo ndi mayi, muthokoze paipi yotchipayi. Ikanakhala yolimba, chikanang'ambika ndi china." Zimene anatiphunzitsa tsiku limenelo ndi zimene tikukupatsani apa.

Choyamba, giza siponya madzi, imangotenthetsa. Nambala ija ya 400 kPa ikunena puresha imene giza ingapirire, osati imene ingakupatseni. Ku Joni madzi amachokera mu paipi ya mzinda ali kale ndi mphamvu, mpaka amaika valavu yowachepetsa asanalowe mu giza. Kwa ife a thanki, puresha imachokera pa kutalika basi. Mita imodzi, kuyeza kuchokera pamwamba pa madzi a m'thanki kufika pa mutu wa shawa, imapereka pafupifupi 10 kPa. Thanki yathu ikadzaza madzi ankafika pa mamita 4 ndi theka, shawa ili pa mamita 2, kutsala mamita 2 ndi theka, ndiye kuti 25 kPa. Kuti tifike pa 400 tikanafunika nsanja ya mamita 40. Komanso valavu ija yochepetsa puresha imene tinabwera nayo, pa madzi ofooka ngati athu inkangowapinga. Mdala anati musanagule chilichonse tcherani ndowa ya malita 20 pamene mukufuna kuika shawa. Ikadzaza m'mphindi zitatu, shawa idzakoma. Yathu popanda pampu inatenga mphindi zoposa 10.

Chachiwiri, elementi siipsa popanda chifukwa. Giza yathu inali m'denga, pafupifupi mulingo umodzi ndi pansi pa thanki. Thanki itatsika, madzi a mu giza anabwerera m'mbuyo n'kumatulukira m'mipopi ya madzi ozizira, elementi inatsala pouma magetsi ali oyaka. Elementi youma sichedwa kupsa. Mankhwala ake ndi kuika giza pansi ndithu pa mulingo wa thanki, kuika zoteteza kuti madzi asabwerere, ndi kuphunzitsa aliyense m'nyumba kuti madzi akasiya, choyamba kuzimitsa ndi switchi ya giza.

Chachitatu, ndipo apa tikupempha muwerenge kawiri: kavalavu kodontha sikatsekedwa. Madzi akatentha amafufuma. Malita 200 ozizira akatenthetsedwa amawonjezekera ndi malita atatu kapena anayi, ndipo madzi sapanikizika ngati bulangete m'belo. Tisanaike pampu, owonjezekawo ankabwerera ku thanki. Titaika pampu ndi non-return valve yake, njira yobwerera inatsekeka, ndipo khomo lokhalo lotulukira linali kavalavu kaja. Ife tinatseka khomolo n'kulipira wotsekayo. Valavu yotere ikamadontha pang'ono pamene giza ikutenthetsa, ikugwira ntchito yake. Chofunika ndi kuilumikiza ku paipi yachitsulo yotulukira panja, poti madzi otentha sangagwere munthu. Tsiku limene thermostat idzakanike n'kumangotenthetsa osaleka, valavu ya chitetezo ndi imene imaletsa giza kuphulika. Ku South Africa kaikidwe ka giza kali ndi muyezo wake, SANS 10254, umene umafuna valavu ya chitetezo, valavu ya puresha, ma vacuum breaker ndi thireyi yokhala ndi paipi yotayira madzi panja. Wogulitsa akamakuuzani kuti mutengenso zimenezi, sakukuberani.

Chachinayi, paipi ya PVC si ya madzi otentha. Imafewa, majoini amazuka. Ya madzi otentha ndi kopa kapena PPR, ija yobiriwira yomata ndi makina otentha, ndipo muziona kuti yalembedwa PN20 kapena kuposa. Apa ageni tisamale ndi masaizi. Ku Joni mapaipi a kopa ndi a 15 mm ndi 22 mm, pamene PPR imayenda 20, 25 ndi 32 mm. Zolumikizira za kopa sizigwira pa PPR. Zimakumana pa mazinga okha, a hafu inchi kapena a thiri kota, choncho gulani zolumikizira za mazinga zokwanira. Musanamizikenso ndi nambala: PPR amaiyeza kunja, ndipo ya 20 mm PN20 m'kati mwake ndi mamilimita 13 okha. Pa madzi a thanki, paipi yotsika ku thanki ikhale ya 32, yopita ku bafa ya 25, ndipo makona achepe chifukwa kona iliyonse imadya puresha imene muli nayo kale yochepa. Giza ikhalenso pafupi ndi bafa. Paipi ya 25 mm yotalika mamita 15 imasunga madzi opitirira malita atatu, ndipo amenewo amatayika ozizira nthawi iliyonse musanamve kutentha.

Chachisanu ndi chimene ambiri mukufunsa, kukula kwa giza. Mdala sanafunse kuti nyumba ili ndi zipinda zingati. Anafunsa kuti timasamba anthu angati, nthawi yanji, ndi madzi ochuluka bwanji. Madzi osamba abwino amakhala pa madigiri 40. Ngati a mu giza ali pa 60 ndipo a pampopi nyengo yozizira ali pa 15, ndowa ya malita 20 imafuna malita 11 otentha ndi 9 ozizira. Anthu 6 osamba ndowa imodziimodzi ndi malita 66 okha a madzi otentha. Shawa yotulutsa malita 8 pa mphindi, munthu akasamba mphindi 5, ndi malita 40, otentha ake 22. Anthu 6 ndi malita 132. Kutanthauza kuti ngakhale tonse tikanasamba shawa motsatizana, ya 150 ikanatikwana, ndipo popeza ana amasamba m'mawa akuluakulu madzulo, ngakhale ya 100 ikanatha ntchito.

Malita opitirirawo si aulere, amadya mayunitsi. Kuwerengera kwake n'kosavuta: malita, kuchulukitsa ndi madigiri amene mukukweza, kuchulukitsa ndi 1.16, kugawa ndi 1,000. Yathu ya 200 kuchoka pa 15 kufika pa 60 inkadya mayunitsi 10 ndi kachidutswa, ndipo pa 70 inkayandikira 13. Ya 150 pa 60 imadya pafupifupi 8, ndipo elementi ya 3 kW imatenga maola awiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono. Ganiziraninso ngati magetsi a kwanu amakhala maola amenewo nthawi imene mukuwafuna. Thermostat isiyeni pa 60. Kutsitsa kwambiri kumalola tizilombo kuswana m'madzi ofunda, kukweza kumadya ndalama ndi kuwotcha ana. Elementi ya 4 kW imakoka maampu 17, ya 3 kW maampu 13. Giza imafuna waya wakewake kuchokera pa bokosi, buleka yakeyake, switchi pafupi ndi waya wa ethi. Mapaipi mutha kuphunzira kumata nokha, koma za magetsi itanani wa satifiketi. Kumbukiraninso kulemera: lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Giza ya 200 ikadzaza ndi katundu woposa matumba anayi a simenti, ndipo ife tinaigoneka pa mitengo ya siling'i osati pa khoma.

Mmene tinathera ndi motere. Giza ya 200 tinagulitsa kwa munthu wa malo ogona alendo amene ali ndi madzi amphamvu ndi alendo ambiri, ndipo kumeneko ikugwira bwino. Giza inalibe mlandu. Nsanja tinamangitsa ina ya mamita 6 kwa wowotcherera wodziwa, paja thanki ya 2,000 ikadzaza ndi matani awiri, si zoika pa zitsulo zotsala pa mageti. Tinaika giza ya sola ya malita 150, ya puresha yochepa, ya machubu agalasi, panja pafupi ndi bafa, pansi pa mulingo wa thanki. M'denga mulibenso madzi. Mutu wa shawa tinaika wa mabowo akuluakulu. Siwawa pamsana, koma ndowa imadzaza m'mphindi zinayi ndipo pampu sifunikanso.

Amene mukufuna sola, mfundo zake ndi izi. Kuno kum'mwera kwa Africa machubu ayang'ane kumpoto, chifukwa miyezi yozizira dzuwa limadutsira kumeneko. Tengani yokhala ndi malo a elementi yaing'ono, chifukwa masiku a mitambo ndi chifunga mu June ndi July madzi amangofunda. Mu October ndiye amafika powira, choncho ikani valavu yosakaniza ndi ozizira, kapena phunzitsani ana kuyamba ndi mpopi wozizira. Musathire madzi ozizira m'machubu opanda madzi amene akhala padzuwa, amasweka. Dzazani m'mamawa kapena madzulo. Pogula, yang'anani kunsonga ya chubu chilichonse: kukakhala kwa siliva ndi chabwino, kukayera ngati ufa ndiye kuti chalowa mpweya ndipo sichigwiranso ntchito. Yang'ananinso pofika. Tengani machubu awiri kapena atatu apadera, ndipo inu madalaivala tithandizeni, katoni ya machubu isakhale pansi pa mabelo. Musananyamule, funsani kaye mtengo ku Lilongwe kapena ku Blantyre, muphatikize thiraki ndi msonkho, mudzifunsenso kuti ikafika yosweka mudzabweza kwa ndani.

Pali chinanso chimene siling'i inatiphunzitsa. Itagwa, tinakhala milungu itatu tisanakonze, ndipo nyumba inazizira ngati tagona pakhonde, chifukwa kutentha konse kunkathawira ku malata. Agogo anayamba kulowetsa mbaula kuchipinda usiku n'kutseka chitseko. M'mawa wina anadzuka mutu ukuwawa, ali ndi chizungulire, mwana naye akuchita nseru. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene suoneka, sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Tinawatulutsa panja onse awiri n'kuthamangira nawo kuchipatala, mwamwayi anachira. Tinagwada n'kuwapempha kuti, "Amayi, mbaula izitsala pakhonde." Izi zikukhudzanso anzathu amene mumagona m'tizipinda ta ku Joni mu July, ndi inu amene mumayatsa sitovu ya gasi m'kabu mawindo ali otseka podikira mapepala pa boda. Mutu ukayamba kuwawa ndi tulo tachilendo, tsegulani, tulukani.

Maganizo athu oyamba anali akale omwe aja, kukaoda hita yaikulu. Koma nthawi ino tinayamba ndi tepi. Chipinda cha agogo ndi mamita 3 kwa 3 ndi theka, pafupifupi masikweya mita 10. Muyezo wongoyerekeza umene mdala anatipatsa ndi mawati 100 pa sikweya mita m'chipinda cha siling'i, ndiye kuti hita ya mawati 1,000, yuniti imodzi pa ola. Tisanagule tinakonza siling'i, tinayala zofunditsa pamwamba pake, tinatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi kuika makatani olemera. Titatero, hita imayaka ola limodzi asanagone basi. Chenjezo lina: hita za ku Joni zimabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, pamene soketi za ku Malawi ndi za mano a makona. Musadalire adaputa ya pamsika kapena ekisitenshoni yopyapyala, zimasungunuka. Sinthitsani pulagi muike ya kuno yokhala ndi fyuzi, ndipo pa hita musayanikepo chovala.

Ife ageni tinazolowera kuti katundu wabwino ndi wamkulu wotchipa. Pa mabulangete n'zoona. Pa madzi ndi magetsi, katundu wabwino ndi wogwirizana ndi nyumba imene akupitako. Safunsa anadya phula, ndipo ife tinadya lambiri. Tsopano tikamapita kukagulira munthu giza, sitinyamuka opanda kapepala ka manambala anayi: anthu osamba ndi angati, kuchokera pa madzi a m'thanki kufika pa shawa ndi mamita angati, ndowa ya malita 20 ikudzaza mphindi zingati, ndipo magetsi amakhala maola angati pa tsiku. Kasitomala akakana kuyeza, ifenso timakana oda yake, ngakhale phindu likhale lokoma. Sitikufuna kudzamva kuti katundu amene tinanyamula ife wagwera pa bedi la mwana wa munthu.

Agogo masiku ano amadzuka dzuwa litatuluka. Moto amakolezabe, akuti phala la pa nkhuni ndi limene limakoma, koma wa madzi osamba anasiya. Mwana uja anabwerera m'chipinda chake, ndipo usiku woyamba anayang'ana kudenga n'kufunsa ngati muli madzi. Tinamukweza pa makwerero kuti adzionere yekha.

Amene munaikapo zimenezi ku Chipata, ku Tete kapena ku Harare, tiuzeni mmene madzi a kumeneko alili kuti anzathu asagule mwa chiganizire. Muyende bwino pa msewu, mukafike ndi katundu wathunthu.